Mu Mzinda wa Zilembo Zacilendo

Kuno kwathu munthu wodziwa cinenero cimodzi cokha ndi wosowa. Pa msika wa Mandimba mai mmodzi yemweyo amaitana ogula m'Ciyao, amawerenga ndalama m'Cinyanja, ndipo amakangana ndi wokhometsa msonkho m'Cipwitikizi. Ukatsikira ku Cuamba umaonjezapo Cimakua. Ukaoloka malire pa Chiponde umatolako mau awiri atatu a Cingerezi. Ine ndinakula motero. M'caka ca 1986, nkhondo itakula, makolo anga anathawira ku Malawi, cakufupi ndi Namwera, ndipo sukulu ndinayambira komweko. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera kwathu. Ndinapitiriza maphunziro m'Cipwitikizi mpaka ndinakhala mlangizi wa zaulimi. Kuyambira ku Mangochi kufikira ku Nampula palibe pamene pakamwa panga panandigwiritsa mwala.

Lero ndifuna ndikuuzeni za masiku awiri amene zinenero zonsezi zinakhala ngati makasu opanda mipini.

Munali m'mwezi wa Novembala, caka ca 2018. A ku nchito anasankha anthu atatu a kumwera kwa Niassa kuti tikaphunzire kasungidwe ka mbeu za mtundu wa nyemba ku dziko la Ethiopia. Panali ine wa ku Mandimba. Panali bambo wina wa ku Ngauma, Msilamu wa ndebvu zoyera, mkulu wa gulu la alimi. Panalinso mai wina wa ku Cuamba, mlimi wa soya ndi nandolo, munthu wosaopa kufunsa. Tinasiya anthu akumaliza mizere, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana. Tinakwera sitima pa Cuamba m'mamawa, ku Nampula tinafika madzulo. Ndege ina inatitula ku Maputo, ina ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia.

Coyamba kutilonjera cinali cisanu. Mzindawo uli pamwamba pa mapiri, mamita oposa 2,300 kucokera pa nyanja ya mcere. Ku Lichinga, kumene timadandaula kuzizira, sikufika ngakhale mamita 1,500. Ukakwera masitepe pang'ono mpweya umacepa m'cifuwa.

Za nchito sindinena zambiri. Tinakhala m'kalasi masiku angapo, ndipo tsiku lina anatitengera ku Bishoftu, makilomita ngati 45 kucoka mu mzinda, kumene kuli malo ofufuzira mbeu za chana, mphodza, tirigu ndi tefu. Tefu ndi mbeu ya timaso tating'ono kuposa mawere. Pamene ife tinali kudikira mvula, iwo anali kukolola. Tinaona ng'ombe zikuzungulira pa bwalo kupuntha tefu ndi ziboda zao. Masiku onsewa tinali ndi womasulira, mnyamata wodziwa Cipwitikizi. Ndiye anali kutiitanira cakudya, kutifunsira mitengo ya zinthu ndi kutiuza pokwera ndi potsika. Loweruka madzulo anatitsanzika. Anati Lamulungu ndi Lolemba ndi masiku athu opuma, iye adzabwera Laciwiri kudzatiperekeza ku ndege.

Ine ndinaganiza zongokhala m'hotela. Koma bambo wa ku Ngauma anakana.

"Acimwene," anatero, "tayenda mtunda wonsewu kudzaona makoma? Kwathu akatifunsa kuti munaonako ciani, tidzati tinaona bedi?"

Tsono Lamulungu m'mawa tinatuluka tokha.

Anthu a ku Ethiopia ndi oposa mamiliyoni 100, ndipo zinenero zao ziposa 80. Mu mzinda wa Addis Ababa cinenero ca pa mseu ndi Ciamhariki. Cimeneci ciri ndi zilembo zake. Si a, b, c amene tikuphunzira ife. Si zilembo za Ciarabu za ku madrasa. Zina zimaoneka ngati mpando wa miyendo itatu, zina ngati munthu wosenza mtsuko, zina ngati mbedza. Pa nyumba zazikulu panali Cingerezi pansi pake. Koma pa timasitolo, pa magalimoto, pa zitseko ndi pa mapepala a cakudya panali zilembo zaozo basi. Maso anali kuona bwino lomwe, koma m'mutu simunali kulowa kanthu.

Inu anzanga amene mwayamba sukulu muli akulu, cimeneci mukucidziwa kuposa ine. Mwaimapo pa khomo la cipatala, zitseko ziri zisanu, ciriconse ndi mau ake, inu osadziwa cogogoda. Ine ndinacilawa tsiku limenelo, ndiri ndi masatifiketi m'cikwama.

Cimene cinandithandiza ndi nzeru za amai anga. Iwo anamwalira osadziwa kulemba dzina lao, koma anali kuyenda okha pa sitima kucoka ku Cuamba mpaka ku Nampula osasocera. Masiteshoni anali kuwadziwa ndi mapiri ake ndi malonda a pa zenera. Anali kuti, "Phiri ilo likaoneka ndiye pa Mutuali. Akabwera ndi anyezi ambiri ndiye Malema." Potuluka pa khomo anali kuceuka, kuti aone m'mene njira idzaonekere pobwerera. Ife tinacita cimodzimodzi. Tinasunga m'mutu nyumba ya magalasi obiriwira, mtengo wa bulugama wokhota, ndi malo amene anyamata anali kupukuta nsapato. Tinapemphanso mtsikana wa pa hotela, ndi manja, kuti atilembere dzina la malowo m'zilembo zao. Analemba pa timapepala titatu. Mai wa ku Cuamba anamanga kake pa ngodya ya kapulana, pamene amamanga ndalama.

Tisanapite patali tinadabwa ndi nthawi. Foni yanga inali kunena 8 koloko, koma woci ya pa khoma la sitolo inali pa 2. Ya m'sitolo yaciwiri inalinso pa 2. Bambo wa ku Ngauma anaseka. Anati agogo ake, amene anali kuyenda malonda ku gombe la nyanja ya mcere, anali kuwerenga maola comweco, monga acitira Aswahili. Tsiku limayamba dzuwa likatuluka. Ola limodzi likapita amati 1 koloko, pamene ife timati 7. Masana, dzuwa liri paliombo, kwa iwo ndi 6 koloko. Kunena zoona, kwa mlimi kuwerenga kumeneku nkomveka. Ndani amayamba tsiku pakati pa usiku?

Zaka nazonso amawerenga mwa njira yao. Caka cao ciri ndi miyezi 13. Miyezi 12 iri ndi masiku 30 uliwonse, ndipo wotsiriza uli ndi masiku 5 kapena 6. Caka catsopano cimayamba mu Seputembala. Pa kapepala ka malonda kamene anatipatsa panali caka ca 2011. Mai wa ku Cuamba anawerenga ndi zala nati, "Ndiye kuti ndabwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi ziwiri. Musawauze bambo a kunyumba, angadzafune kubwera naonso."

Mu mzindamo muli magalimoto ang'ono onyamula anthu, onga amene ife timati shapa. Ambiri anali a utoto wa buluu ndi woyera. Pa khomo pamakhala mnyamata wopfuula dzina la kumene galimoto ikupita, monga pa siteji ya Mandimba. Apa makutu anagwira nchito ya maso. Womasulira anali atatiuza kuti nyumba yosungira zakale iri pakati pa malo ochedwa Arat Kilo ndi Sidist Kilo. Tinaima, tinachera khutu. "Bole, Bole!" Iai. "Piassa, Piassa!" Iai. "Arat Kilo, Arat Kilo!" Tinakwera.

Polipira mpamene ndinaona kuwawa kwa kusadziwa cinenero. Sungafunse mtengo, sungakane. Umangotambasula dzanja liri ndi ndalama, mwini galimoto nasankha yekha. Mnyamatayo anatola zimene anafuna. Koma gogo wina wobvala nsalu yoyera, amene anakhala pambali panga, anali kuyang'ana. Analankhula mau atatu okha, akuthwa. Mnyamata anabweza ndalama ina m'dzanja langa, nayang'ana kunja. Ndinafuna kuthokoza gogoyo, koma ndinalibe mau. Ndinaomba m'manja mwa kwathu, pang'onopang'ono, nditawerama. Iye anamwetulira, nakoka mpweya msanga ngati munthu woponda munga. Pambuyo pake tinaona kuti anthu ambiri kumeneko amatero pobvomera.

M'nyumba yosungira zakale tinatsikira m'cipinda ca pansi. M'bokosi la galasi munali mafupa ang'ono, oyalidwa monga munthu wogona cagada. Dziko lonse limamudziwa ndi dzina lakuti Lucy. Eni dziko amati Dinkinesh, ndiko kuti "ndiwe wodabwitsa". Mafupa ake anapezeka m'caka ca 1974 ku Hadar, m'dera louma la Afar. Akatswiri amati anakhala ndi moyo zaka zoposa mamiliyoni atatu zapitazo, ndipo anali kuyenda ndi miyendo iwiri. Msinkhu wake unali kungopitirira mita imodzi pang'ono. Zimene amaonetsa alendo ndi mafupa oumba, enieniwo amasungidwa pobisika. Izi ndinazitola pang'onopang'ono pa Cingerezi ca pa khoma, cimene ndinali kuwerenga ngati munthu wodya nsomba ya minga. Bambo wa ku Ngauma anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Mulungu ndiye adziwa." Sanaonjezepo kanthu.

Titatuluka tinayenda pansi kukwera mtunda mpaka pa Sidist Kilo. Pakati pa mseu wozungulira pali cipilala cacitali coyera. M'munsi mwake muli zithunzi zosula pa citsulo. Panalibe wotiuza kanthu, ndipo zolembedwa sitinathe kuwerenga. Koma zithunzizo zinali zomveka. Tinaona asilikali. Tinaona anthu ogona pansi, ndi ena onyamula mitembo. Tinaona amai akulira ana ao. Tonse atatu tinakhala cete. Ife a Niassa nkhondo tinaiona, ya Apwitikizi ndi ya pacibale yomwe. Mai wolira sasowa womasulira. Komabe tinacoka pamenepo ndi njala m'mtima. Anaphedwa ndi yani? Liti? Analakwa ciani? Mayankho anali pomwepo pa mwala, pamaso pathu, ife osatha kuwatola.

Njala ya m'mimba nayo inafika. Bambo wa ku Ngauma anali ndi nkhawa ya nyama, kuti angadye yosazingidwa mwa Cisilamu. Ndiye anayamba kuona cinthu cimene ine ndinali kungocidutsa. Pa malo ena ogulitsa nyama panali cizindikiro ca mtanda. Pa ena panali mwezi wokhota. Akhristu a kumeneko ali ndi ophera nyama ao, Asilamu ali ndi ao. Tinalowa pa mwezi.

Cakudya cao ca masiku onse ndi injera, yopangidwa ndi ufa wa tefu. Ndi yaikulu ngati licero, yopyapyala, yofewa, ya timabowo ngati cisa ca njuci, yowawasa ngati thobwa logona. Amaiyala m'mbale yaikulu, ndiwo naziika pamwamba pake m'timilu. Umang'amba ndi dzanja lamanja, kutapa ndiwo, ndi kudya. Onse amadya m'mbale imodzi monga kumudzi. Kuitanitsa sikunabvute. Mai wa ku Cuamba ananyamuka, nayendayenda m'matebulo a anthu, naloza mbale imene inamkomera m'maso. Eni mbaleyo anaseka, namuitana kuti alawe. Tsabola wao ndi woopsa. Ine nsima ndinaisowa, koma ndinakhuta.

Cimene ndimakumbuka koposa cinacitika madzulo a tsikulo, pa khonde la sitolo. Mai wina anakhala pa kampando kafupi, atayala udzu wauwisi pansi. Anali kukazinga khofi pa mbaula. Atakazinga anatizunguliza ciwayaco kuti timve pfungo, nasinja khofiyo mu kamtondo, namuwiritsa mu kamtsuko kakuda ka dothi ka khosi lalitali. Pambali panali lubani akufuka ndi mbale ya mbuliuli. Anatithirira m'timakapu topanda zogwirira. Khofi wa mwambo amamwa katatu, ndipo kapu yacitatu amaicha baraka. Bambo wa ku Ngauma atamva liu limeneli anatukula cala. Baraka ndi dalitso, ku mzikiti wa ku Ngauma comweconso.

Pafupi ndi maiyo panakhala mwana wake wa zaka ngati khumi, akulemba za kusukulu. Ndinaloza cikwangwani ca pa khoma, ndinatukula mapewa. Mwanayo anandiyang'ana modabwa. Bambo wamkulu, wa jekete ndi woci, wosadziwa kuwerenga! Koma sanaseke. Anang'amba pepala m'kope lake, nalemba mzere uwu:

በ ቡ ቢ ባ ቤ ብ ቦ

Analoza ndi pensulo cimodzi cimodzi, akuchula: be, bu, bi, ba, bee, b, bo. Ndinabwereza. Anapukusa mutu, nachulanso. Ndinabwerezanso. Kacitatu mpamene maso anga anatseguka. Anzanga, taonani bwino mzerewo. Cilembo ndi cimodzi cokha, conga khomo la nyumba la mphuthu ziwiri. Cimene cikusintha ndi kanthu kakang'ono. Ukaika kamzere pa nthiti ya kumanja, ndi bu. Ukaika kaphazi pansi, ndi bi. Ukafupikitsa mwendo wa kumanzere, ndi ba. Ukafupikitsa wa kumanja, ndi bo. Ndi ba, be, bi, bo, bu yemwe uja timaimba m'kalasi mwathu! Kusiyana kwake nkwakuti ife timalemba zilembo ziwiri, b ndi a, pamene iwo amalemba cimodzi. Zilembo zazikulu ali nazo 33, ciriconse ndi maonekedwe 7. Mukaculukitsa mupeza 231. Mwana wa ku Ethiopia amasenza katundu wolemera kuposa wathu, ndipo amamutha.

Mphunzitsi wanga wamng'onoyo analembanso ቡና, naloza kapu yanga. Cilembo coyamba ndinacidziwa: bu. Caciwiri anandiuza: na. Buna, ndiye khofi. Kenaka analemba አበባ. Coyamba anati ndi a. Zotsalazo ndinamaliza ndekha: be, ba. Abeba. Anathamangira ku mpanda, nathyola duwa, nandionetsa. Abeba ndi duwa. Addis Ababa ndiye kuti duwa latsopano. Sabata yathunthu ndinagona mu mzinda umenewu osadziwa kuti dzina lake ndi duwa.

Pobwerera ku hotela sindinakhale cete m'galimoto. Liu lija linali ponseponse, pa mabasi, pa mabanki, pa zipata. Ndikaliona ndinali kuwerenga mokweza, "A-be-ba!" Ndikaona lina, "Bu-na!" Anthu a m'galimoto anayamba kundithandiza, akuloza zikwangwani zina. Mzinda wonse unali cikhalire wotseka, koma citseko cinali citasiya kampata.

Lolemba tinati tikaone msika waukulu wa Merkato. Tinayamba tafika pa Mexico Square, cifukwa tinamva kuti pafupi pamenepo pali mseu wa dzina la dziko lathu. Mu mzindawu ndimo munabadwira bungwe la umodzi wa maiko a Africa pa 25 Meyi 1963, ndipo miseu yambiri inapatsidwa maina a maiko a Africa. Tinafunsa anthu angapo, "Mozambique? Mozambique?" Anali kungotiyang'ana. Eni mzinda sasamala maina a miseu. Amadziwa malo ndi zinthu zimene ziripo, monga ife timati pa mjigo, pa mango, pa cigayo. Bambo wina wa imvi ndiye anaima. Anatiloza nafunsa, "Mozambique?" Titabvomera, anatigwira canza mwamphamvu nati, "Samora Machel!" Anatiperekeza mpaka pa mseuwo. Ndi mseu wamba, wa masitolo ndi magalimoto. Tinajambulitsa cithunzi.

Kucoka apo tinakwera sitima ya magetsi, imene inayamba kuyenda m'caka ca 2015. Imayenda pakati pa mzinda, pena pamwamba pa milatho, pena pansi. Iribe utsi, iribe phokoso ngati yathu ya ku Cuamba, koma kudzaza kwake nkumodzimodzi. Tinapitirira nayo mpaka pothera, pamene pali cifanizo ca mfumu itakwera kavalo. Mnyamata wogulitsa mtedza anaona kuti ndife alendo. Analoza cifanizo nati, "Menelik." Anatinso, "Adwa. Italia." Ndipo anasesa m'mwamba ndi dzanja ngati wothamangitsa nkhuku. Mau atatu ndi dzanja limodzi zinakwana. Pa 1 Malichi 1896, pa malo ochedwa Adwa, ankhondo a mfumu Menelik anagonjetsa ankhondo a Italy. Cifukwa cake Ethiopia sanagawidwe pamene maiko ena a Africa anali kugawidwa. Bambo wa ku Ngauma anakumbuka Mataka, mfumu ya Ayao, amene anakaniza Apwitikizi kulowa ku Muembe kufikira caka ca 1912.

Merkato si msika woti ungauone tsiku limodzi. Ndi mzinda pa wokha. Kuli mseu wa tsabola wokhawokha, kumene tinayetsemula mpaka misozi. Kuli mseu wa nsalu, wa mitsuko, wa zitsulo. Kuli kumene amasandutsa matayala akutha kukhala nsapato, ndi zitini kukhala mbaula. Abulu amadutsa pakati pa anthu opanda wowakusa pafupi. Munthu mmodzi amasenza matiresi asanu ndi limodzi pamutu, akupfuula kuti mumpatse njira. Pa malonda manambala ndiwo anali abale athu, pakuti mitengo amalemba ndi 1, 2, 3 yemweyu. Wogulitsa anali kulemba mtengo pa foni yake. Mai wa ku Cuamba anali kufufuta, nalemba theka. Wogulitsa anali kugwira kumutu ngati wamva za maliro. Mai anali kuyamba kucoka. Wogulitsa anali kumkoka kapulana. Anagula kamtsuko ka khofi ndi nsalu yoyera ya thonje popanda liu limodzi la Ciamhariki, kupatula ishi, ndiko kuti cabwino.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinamva kuitana kwa mzikiti. Bambo wa ku Ngauma anaima ciriri. "Ici ndamva," anatero. Pakati pa Merkato pali mzikiti waukulu wa Anwar. Anabvula nsapato, nalowa. Anatuluka atagwirana dzanja ndi anthu awiri amene anali asanawaonepo. Pa khoma panali zolemba za Ciarabu, ndipo anatiwerengera mosadodoma. Iye anaphunzira zilembo zimenezi ku madrasa ali mwana. Koma anandiuza kuti m'mabuku a boma anali kulembedwa kuti ndi wosadziwa kuwerenga, kufikira analowa sukulu ya akulu m'caka ca 1978, pamene dziko lathu linayamba nkhondo yothetsa kusadziwa kulemba. Tsiku limenelo pa mzikiti, mwa atatufe wodziwa kuwerenga anali iye.

Titaceuka, mai wa ku Cuamba panalibe.

Anali atatsata wogulitsa nyemba, ndipo khamu linamutenga. Mafoni athu sanali kugwira m'dziko la eni. Tinabwerera ku tsabola, ku mitsuko, ku nsalu. Tinafunsa anthu ndi manja: munthu wamkazi, wamfupi cotere, wa nsalu ya maluwa m'ciuno. Ena analoza kum'mawa, ena kumadzulo. Wapolisi anatimvera mofatsa, koma sanatole kanthu. Maola awiri anatha. Ndinayamba kuganiza za mwamuna wake ndi ana ake, ndi mau amene ndidzanene pa siteshoni ya Cuamba. Mthunzi utatalika tinabwerera ku hotela kuti tikapemphe thandizo.

Tinampeza atakhala pa mpando, akumwa khofi ndi mtsikana uja.

Anatisimbira. Ataona kuti watisowa, sanathamange uku ndi uku. Anafuna mai wacikulire wogulitsa anyezi, namasula ngodya ya kapulana, namuonetsa kapepala. Maiyo anawerenga, naitana mwana wake. Mwanayo anamgwira dzanja mpaka pa siteji, nalankhula ndi mnyamata wa galimoto. Uyo anamtsitsa pa mphambano, nampereka kwa mnzake wa galimoto ina. Wotsirizayo anamtsitsa pa mtengo wa bulugama wokhota uja.

"Ndayenda ngati kalata," anatero. "Aliyense amawerenga adiresi, nandipereka kwa mnzake."

Tinaseka, mitima itatsika. Koma iye anafutukula kapepalako, nakayang'ana.

"Acimwene, anthu a kuno ndi abwino. Koma ine sindikudziwa cimene calembedwa apa. Mwana uyu akadalemba kuti mai uyu ndi wakuba, ndikadaonetsa anthu comweco, ndikumwetulira."

Laciwiri womasulira anabwera. M'galimoto yopita ku bwalo la ndege tinamfunsa za cipilala ca pa Sidist Kilo. Anati dzina lake ndi Yekatit 12, ndilo tsiku la pa kalendala yao limene kwa ife ndi 19 Febuluwale. Zaka 40 pambuyo pa Adwa, Italy anabweranso ndi ndege ndi mpweya wa poizoni, nalanda mzindawo mu 1936. Pa 19 Febuluwale 1937 anyamata awiri anaponya mabomba kwa Graziani, kazembe wa Italy. Iye anabvulala koma sanafe. Pobwezera, Ataliyana anapha anthu a mu mzinda masiku atatu, natentha nyumba anthu ali momwemo. Eni dziko amati anafa anthu 30,000. Olemba mbiri ena amati pafupifupi 19,000. Ataliyana anacotsedwa mu 1941. Ife tinamuuza za Mueda, za pa 16 Juni 1960, pamene Apwitikizi anaombera anthu amene anasonkhana pa boma kudzapempha ufulu. Anali asanamvepo.

Potsanzikana mai wa ku Cuamba anamgwira dzanja nati, "Ameseginalehu." Ndiko kuti zikomo. Liu limeneli anali kuliyeseza masiku awiri, ndipo linatuluka lathunthu.

Tinafika ku Cuamba mvula itagwa kale kawiri, anthu akubzala. Kamtsuko kaja kanafika kosasweka, katakulungidwa m'makapulana awiri. Mwini wake amawiritsiramo tiyi wa masamba a mandimu alendo akabwera.